Penti Wofiira pa Masupuni a Bambo Anga

Bambo anga anagwira ntchito ya ukhukhi ku Halale kwa zaka zambiri. Anzawo pobwerako ankabwera ndi njinga, wailesi, ena makina osokera. Iwo anabwera ndi chifuwa chosamva mankhwala, jekete loyera lothina m'khwapa, ndi masupuni asanu ndi imodzi amene mzungu wawo anawapatsa pamene ankalongedza katundu kubwerera kwawo.

Masupuniwo sanali ngati a m'golosale aja opindika ukangowakanikiza pa mbatata. Anali olemera, ozizira m'manja ngakhale mwezi wotentha, ndipo kuseri kwa chogwirira kunali tizidindo tondandalikana, tating'ono ngati njere za mawere. Ndili mwana ndinkakonda kuyendetsapo chikhadabo. Bambo ankati ndi siliva weniweni, ndipo lamulo lawo linali limodzi: mchenga ndi wa mapoto. Masupuni ankapukutidwa ndi phulusa losefa pa kansalu kofewa. Ntchitoyo anaisiyira ine chifukwa ndinali mwana wokhala phee. Bambo atamwalira, mayi anga anawasunga mpaka tsiku limene ndinkapita ku chitengwa, n'kundipatsa atawamanga m'kansalu komweko.

Kwawo kwa amuna anga kunali kumunsi, kufupi ndi msewu wa ku Chifunga. Zinali zaka zija othawa nkhondo ya ku Mozambiki anadzaza ku Luwani, malole a chimanga akudutsa n'kutisiyira fumbi m'maso. Ine ndinali ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, ndipo pakamwa panga panali polemera kuyambira kale. Pamaso pa apongozi anga, mayi wa amuna anga, ndinkangotha kuvomera ndi kuthokoza basi.

M'mudzimo munali dongosolo limene kwathu kumapiri kunalibe. Pakagwa maliro kapena pakakhala ukwati, ziwiya zinkachokera m'nyumba zonse, ndipo kuti zisasokonezeke banja lililonse linali ndi mtundu wake wa penti. Ena wobiriwira, ena madontho awiri oyera, ena wakuda wopakira njinga. Kwa apongozi anga kunali kofiira. Mwambo ukatha ankaunjika zonse pansi pa mtengo wa mango, aliyense n'kutola za mtundu wake popanda kukangana. Zanga zinali zisanatulukepo m'nyumba, choncho mtundu ndinalibe, ndipo palibe anandifunsa.

Mlongo wamng'ono wa amuna anga ankakwatiwa ndi mphunzitsi, abale ake a m'tauni. Amuna anga anali atadzitama kale kwa mayi awo kuti mkazi wawo ali ndi masupuni a azungu, ndiye anabwera kudzandiuza kuti alendo oterowo sangadye mpunga ndi manja. Mtima unakana koma pakamwa panavomera. Ndinamanga asanu m'kansalu, imodzi n'kuisiya chifukwa ndinkamwetsera mwana phala. Ndinawauza amuna anga kawiri konse kuti akanene kuti masupuniwo asapakidwe penti, asaone mchenga, ndipo abwere tsiku lomwelo. Anati amva. Atafika kwa mayi awo anaponya kamtoloko m'dengu la ziwiya, n'kupita kukadula mitengo ya chisakasa osanena kanthu kwa munthu.

Wopaka penti anali mlamu wanga wamkulu, mlongo wawo woyamba kubadwa, mayi wa manja achangu ndi pakamwa pachangu. Chilichonse chimene anachipeza m'dengu la mayi ake anachidonthezera chofiira. Pa masupuni anga anasankha malo abwino osafufutika msanga, kuseri kwa chogwirira, pamwamba penipeni pa tizidindo tija.

Ukwati unatha bwino. M'mawa mwake ndinaima kumbuyo kwa amayi ena pansi pa mango, mwana ali kumsana, n'kuona masupuni anga asanu akulowa pa mulu wofiira, imodzi imodzi. Ndinatsegula pakamwa. Wina anandipempha kuti ndimusenzetse dengu, ndinamusenzetsa, ndipo potembenuka mulu wofiira unali utanyamulidwa.

Amuna anga nditawauza anaseka. Anati masupuni ali m'nyumba ya mayi awo, sanawoloke kupita ku Mozambiki, ndidekhe. Sabata inatha, ina n'kutha. Ndikawakumbutsa ankati akudikira nthawi yabwino, ngati kuti akukafunsira mbeta. Nditatchula za ankhoswe anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kunena kuti ankhoswe amayenda ulendo wautali pa nkhani za banja, osati za supuni. Sabata yachitatu anapita, ndipo anabwerako akukanda m'mutu.

Yankho la apongozi linali ili. Malemu amuna awo anabwera ndi masupuni olemera ambiri kuchokera ku Joni. Kwa zaka zonsezi akhala akusowa m'maliro ndi m'maukwati mpaka kutsala atatu okha. Tsopano asanu abwerera, ndipo akuthokoza Mulungu. Ngati mtengwa wawo wataya ake, amva chisoni, afunse bwino m'nyumba zina. Koma awa ali ndi penti wofiira, ndipo m'mudzi muno penti ndiye amanena mwini.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Ankakhulupiriradi zimenezo. Munthu wakuba ukhoza kumukwiyira n'kugona tulo. Koma gogo amene akuuza anzake kutchalitchi kuti katundu wa malemu amuna ake wabwerera, umutani? Amuna anga anamaliza nkhani ponena kuti supuni ndi supuni, zonse zimapita kukamwa. Ndinawapatsa madzi osamba ozizira masiku atatu. Sanazindikire n'komwe kuti ndi chilango, ankati kunja kwatentha, ndachita bwino.

Mlamu wanga anamva zonse, ndipo nkhani inafika kuchitsime.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Mwadya kale, kapena mukudikira supuni ya ku Halale?"

Amayi onse anaseka. Ine ndinangoti tadzuka, n'kuyang'ana m'ndowa.

Ndinapita ndekha kwa apongozi kawiri. Ulendo woyamba ndinagwada pakhomo, mawu onse nditawakonza panjira, koma atandifunsa chimene ndadzera ndinapempha mchere. Ulendo wachiwiri ndinapeza mlamu akupala nkhoko za mpunga mumphika ndi supuni ya bambo anga, phokoso lake likundilowa m'mano. Ndinapempha moto. Kunyumba kwanga moto unali ukuyaka. Ndinabwerera nditanyamula khala pa phale, ndikudzitukwana njira yonse.

Tsiku la sikelo ndinalawirira ku chipatala cha ku Chifunga. Khadi la mwana ndinalimanga pa nsonga ya chitenje limodzi ndi la chipani, chifukwa masiku amenewo popanda limenelo ulendo unkatha kuthera panjira. Mzere unali wautali, ndipo mwana atayamba kulira ndinatulutsa kabakuli ka phala ndi supuni yanga yotsala ija. Anesi amene ankayeza ana anali mayi wamkulu wochokera kumpoto, wovala magalasi, Chichewa chawo chomveka mwina. Podutsa anaima, n'kundipempha kuti aione supuniyo. Ndinaganiza kuti anena kuti ndinaba kwinakwake.

Anaipukuta, n'kuitembenuza, n'kutsitsira magalasi pamphuno. Anati bambo awo ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu a mishoni, ndipo iwo anakula akupukuta zoterezi mpaka kudana nazo. Anatuma mayi wina kukatola khala kukhitchini, anapaka pa tizidindo, n'kupukuta ndi chala. Timabowo tinatsala takuda. Kwa nthawi yoyamba ndinaona ndi maso zimene ndinkangozidziwa ndi chikhadabo. Munali timabokosi tinayi, kalikonse ndi chilembo chake, E, P, N ndi S. Pambali pake panali zilembo zina ziwiri zopiringizika, kenako kambalame koima mwendo umodzi, ndipo kumapeto chilembo A ndi nambala wani.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, anthu pamzere akung'ung'udza. Zilembo ziwiri zopiringizika ndi kambalame ndi chizindikiro cha amene anasula supuniyo. Wosula aliyense anali ndi chake, ndipo masupuni ochokera m'bokosi limodzi amafanana tizidindo tonse. A ndi wani zikusonyeza kuti wosulayo ankati ntchito yake ndi yapamwamba. Koma zilembo zinayi zija zikutanthauza kuti mkati muli chitsulo china, siliva anangomuveka pamwamba, wopyapyala ngati khungu la anyezi. Ya siliva yekhayekha imakhala ndi kamkango koyenda.

Ndinakwiya nawonso, ngakhale sindinaonetse. Bambo anga anati siliva weniweni, ndiye munthu wongondiona lero akuti khungu la anyezi? Ndinayang'ana kamkango pa supuniyo mbali zonse. Panalibe.

Atandifunsa kuti zinzake zili kuti, misozi inatsogola. Ndinawauza zonse, ine amene ndinali ndisanauzepo munthu ngakhale mayi anga. Sanandinyengerere. Anati ndisiye kulira mwana angayambe nayenso, n'kundiuza zochita: palafini pang'ono, kansanza, ndi munga wotolera penti m'timabowo. Mpeni ayi, mchenga ayi.

"Musakapemphe masupuni, mayi. Mukapemphe kuchotsa penti basi. Zotsalazo akaona okha."

Sabata yonse ndinkayeserera mawu amenewo posinja, potunga madzi, pochapa matewera. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakhuthulira palafini wa m'koloboyi m'kabotolo, amuna anga akudandaula kuti ndikuwononga, ndipo ndinawauza kuti atsogole. Anatsogola ngati mbuzi yopita kumsika.

Apongozi anali pamphasa pakhonde, akutongola chimanga ndi mlamu. Ndinagwada chapatali monga mwa nthawi zonse. Titapatsana moni ndinayang'ana amuna anga kuti ayambe, koma iwo anali akuyang'ana nkhuku. Ndinasendera, ndinaika supuni yanga pamphasa chogwirira chili chozondoka, n'kunena mawu anga ndikuyang'ana pansi. Ndinati ndikupempha kuchotsa penti pa masupuni olemera aja, kuti tione ngati pansi pake pali zofanana ndi izi.

Chimanga chinasiya kugwa m'lichero.

"Ndiye mukuti ndine wakuba, mtengwa?" anafunsa apongozi.

"Ayi, amayi. Ndikuti penti anaphimba zimene zinalembedwa kale."

Sindikudziwa kumene mawu amenewo anachokera, pakuti sindinawayeserere. Mlamu anaseka n'kunena kuti lero tiphunzira sukulu ya masupuni kwa aphunzitsi a sitandade folo. Analowa m'nyumba n'kubwera nawo onse asanu ndi atatu, n'kuwamwaza pamphasa. Kunena zoona, ukawaona patali ankafanana. Onse anali olemera, onse akale, onse ndi dontho lofiira. Anga ndinkawadziwa m'manja, koma m'manja mwanga simunali umboni kwa wina aliyense.

Ndinayamba ndi imodzi. Palafini sachita changu. Umanyowetsa kansanza, n'kukanikiza pa penti, n'kudikira, n'kukanda ndi chikhadabo, n'kunyowetsanso. Apongozi anabwerera ku chimanga chawo. Amuna anga anafunsa ngati zitenga nthawi yaitali. Kenako mwana analira, ndipo ndinatembenukira kukhoma kuti ndimuyamwitse, chifukwa sindikanatha kutero nditayang'anizana ndi apongozi.

Ndili chomwecho ndinamva phokoso kuseri kwa khitchini, pamene pankakhala mwala wonolera mipeni. Khwe, khwe, khwe. Ndinaganiza kuti wina akukwecha poto. Nditatembenuka, pamphasa panali masupuni asanu ndi awiri. Mlamu anatulukira akupukuta yachisanu ndi chitatu pa chitenje, nkhope ili ngwee. Anati ine ndikuseweretsa nthawi ya anthu, ntchito yake ndi ya mchenga ndi mwala, taonani yatha kale. Anawerama kuti atenge ina.

"Alamu, ikani pansi."

Mawuwo anatuluka aakulu mpaka mwana anasiya bere. Mlamu anaiika pansi. Ndikukhulupirira kuti kunali kudabwa chabe, osati mantha.

Supuni imene anakwecha inali yanga. Penti anachokadi, koma anapita ndi siliva yemwe. Kuseri kwa chogwirira kunatsala chigamba chachikasu chokalikakalika, chachikulu ngati chala chamanthu. Tizidindo tinali takale, tosazama, ndipo mwala unatidya. Ndinapakapo khala. Panaoneka timizere tiwiri ndi theka la kabokosi basi. Mlamu anasuzumira n'kufunsa kuti siliva wotchuka uja ndi ameneyu, wachikasu mkati ngati dzungu? Ndinaika supuniyo pamphasa. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa patuluka za ku chitsime, za nkhoko, za mchere, zonse pamodzi.

Ndinakokera masupuni otsalawo pafupi ndi mawondo anga n'kupitiriza. Palibe anandithandiza, palibenso anachoka. Dzuwa linachoka pakhonde n'kupita pa nkhokwe. Penti atafewa ndinkamutola ndi munga m'timabowo, n'kupaka khala, n'kupukuta ndi chala, n'kuika supuniyo pambali pa yanga ija. Yoyamba inatulutsa timabokosi tinayi ndi kambalame. Yachiwiri inatulutsa mawu aatali achizungu amene sindinathe kuwerenga, ndi kanthu konga nyenyezi. Imeneyo ndinaiika payokha. Pomaliza panali milu iwiri: anayi a kambalame, atatu a nyenyezi. Kamkango sitinakapeze pa iliyonse, ya ku Halale kapena ya ku Joni.

Apongozi kuwerenga sankadziwa, ndipo maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Anatenga supuni yanga n'kupita nayo poyera, anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, n'kutenga ina, n'kuteronso. Anaitana mwana wawo kuti awauze chimene akuona. Amuna anga, amene anafika sitandade seveni, anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti kakuoneka ngati kakowa. Apongozi anati iwo akuona nkhuku. Anakangana za mtundu wa mbalameyo kwa kanthawi ndithu, ine nditagwada pomwepo miyendo itachita dzanzi. Koma pa atatu aja onse anavomereza kuti palibe mbalame ya mtundu uliwonse.

Apongozi anabwerera pamphasa. Kenako anakankhira anayi aja kwa ine ndi kuseri kwa dzanja. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Anangoti malemu amuna awo anabweradi ndi masupuni ambiri, ndiye kuti awo akadali m'nyumba za anthu. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kumufunsa chifukwa chake anaponya katundu wa mkazi wake m'dengu ngati munthu wosalankhula. Amuna anga anati anaiwala. Apongozi anawauza kuti akanaiwala kudya mpunga wa pa ukwatiwo zikanamveka.

Yokwechedwa ija inatsala pakati pa mphasa. Ndinatambasula dzanja, koma apongozi anafika msanga. Anaitembenuza, n'kuyendetsa chala pa chigamba chachikasu.

"Iyi mbalame yake sindikuiona. Nyenyezinso palibe. Chimene tonse tinachiona ndi maso pa iyi ndi penti wofiira."

Ndinayang'ana mlamu, amene anafufuta umboni ndi manja ake. Anali atayambiranso kutongola chimanga. Ndinayang'ana amuna anga. Anandipatsa diso lakuti tapeza anayi, tiyeni tizipita. Ndikanatha kunena kuti aiyerekeze kutalika ndi zinzake, aone mmene chogwirira chatambalalira kumapeto. Koma mphamvu zanga za chaka chonse zinali zitathera pa mawu atatu aja, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuthokoza pokha.

Ndikumanga anayiwo m'kansalu, mlamu anati kuti zoterezi zisachitikenso ndisankhe mtundu wanga, iye ali ndi penti wabuluu wotsala, abwera mawa adzandipakire onse asanu bwinobwino. Ankanena ndi mtima wabwino. Ndinamuuza kuti adzapake mbale ndi makapu, masupuni ayi. M'mawa mwake anabweradi ndi kachitini kake, ndipo anapeza masupuni nditawatsekera m'bokosi. Kuyambira pamenepo pa mwambo uliwonse ndinkatumiza mbale za dontho labuluu, ndipo m'mudzi munamveka kuti mtengwa wa kumapiri ndi woumira.

Yachisanu ndi chimodzi sinabwerenso. Apongozi anaikonda kuposa atatu awo aja, ankati ndi yosalala m'kamwa. Pambuyo pa tsiku limenelo anayamba kundiitana kawirikawiri kuti ndikamwe nawo tiyi, chinthu chimene kale sankachita. Ankandikhazika pamphasa yawo, osati chapatali, n'kundithirira okha shuga, n'kutakasa ndi supuni ya bambo anga, chigamba chachikasu chikuonekera pakati pa zala zawo. Akatha ankaigogoda kawiri pa mlomo wa kapu, n'kundifunsa ngati shuga wakwana. Ndinkati wakwana.